Mutu Wosaphwa wa Galu Wathu

Achimwene anga a ku Joni atatumiza kagalu koti ana azisewera nako, anangonena kuti mtundu wake ndi bull terrier, wa ku Mangalande. Za mutu sanatchule.

Amene anakakatenga pa Boma ndi a Mulimba, bambo a kabaza, kali m'katoni. Nditatsegula ndinakuwa. Mutu unali ngati papaya, mphumi panalibe, timaso tili tokwiririka.

"A Mulimba, mwamugwetsa galuyu! Taonani mmene watupira!"

Analumbira kuti sanagwe, koma ndinawakalipira anthu akumva mpaka anavula chipewa.

"Pepani mayi, kapena ndi mabampu a msewu wathu wa ku Chiringawu."

Ndinayamba kumuthowa ndi madzi ofunda m'mawa ndi madzulo. Galu ankangotsinzina, mchira uli pukupuku. Ndinamupakanso mafuta a nsatsi, koma mutu unkangokulirakulira.

Nditadandaula pa foni, achimwene anaseka mpaka kutsamwa, n'kunditumizira chithunzi cha make wa galuyo. Papaya lomwelo. Bambo wake ndiye papaya lenileni.

Manyazi anga ali apa: a Mulimba sindinawauze mpaka lero. Mawu opepesa ndimawakonza bwinobwino, koma ndikangowaona ndimangowapatsa moni basi. Galu wakula tsopano, amagona pamiyendo pa ana ngati khanda. A Mulimba akamadutsa amatsika njinga, n'kuvula chipewa chija, nkhope ili yachisoni.

"Mayi, nanga mutu wa odwala aja?"

Ine, mzimayi wamkuluwamkulu woimba kwaya kutchalitchi, ndimayang'ana pansi.

"Ukuphwa, bambo. Pang'onopang'ono."