Dengu la Mayi a Ragabu

Mayi a Ragabu a ku Shubura ankatsika pansi kukagwa maliro basi. Atsikirenji? Pakhonde lawo, pansanjika yachisanu, panali dengu lomangirira kuchingwe. Akangokuwa kuti, "A Shehata! Shuga kilo imodzi, buledi khumi!" wagolosale wa pansipo ankalongedza, iwo n'kumakoka. Dengu linkayenda maulendo asanu patsiku, mwiniwake ali phee pampando, tiyi wa masipuni anayi a shuga ali m'manja.

Ndiye dzina lawo linatuluka pa maere a ulendo wachipembedzo wa ku Maka, atadikira zaka makumi awiri. Nthungululu nyumba yonse! Koma dokotala atawayeza magazi anapukusa mutu.

"Mayi, shuga wakwera udyo, miyendonso yafooka. Mukapita chonchi, nyumba yopatulika ya Kaaba mukaizungulira pa njinga ya odwala, wina akukukankhani."

"Ine? Kukankhidwa ngati thumba la anyezi pamaso pa Mulungu? Zosatheka!"

Anafika kunyumba ali wefuwefu, n'kulunjika kukatenga mpeni. Chingwe chija anachidula, dengu n'kukagwera pa matimati a Shehata, phwaa!

"Mwapenga kodi, Mayi a Ragabu?" anakuwa a Shehata.

"Kuyambira lero dengu ndine!"

M'mawa mwake anatsikadi. Mayo ine, mawondo! Pobwerera ankakhala pansi pansanjika iliyonse, anansi akuwathamangira ndi madzi. Koma mayiwa liuma ndi lobadwa nalo. Ankagula chinthu chimodzi paulendo: anyezi, kukwera; mandimu, kutsikanso. Mu tiyi ankachotsamo sipuni imodzi mwezi ukatha, n'kumamwa akuikalipira kapu.

"Nanga shuga wangayu andigule ndani? Mwandipha, mayi!" ankalira a Shehata.

"Munyambite nokha, mimba yanuyo ili ndi malo."

Patatha miyezi isanu ndi itatu anali ku Maka. Okankha njinga atawaitanira, iwo anangowakaniza ndi dzanja. Anazungulira Kaaba kasanu ndi kawiri ndi mapazi awoawo, misozi ili chuchuchu. Chibadwire anali asanasangalalepo chotero.

Atabwerako, a Shehata anakwera okha nsanjika zisanu zija, thukuta kamukamu, atanyamula mphatso: chingwe chatsopano.

"Mwamaliza tsopano, ku Maka mwafikako, ndinu Haja. Pumulani, dengu libwerere pantchito."

Mayiwo anathokoza kwambiri, chingwecho n'kuchimanga pakhonde. Anayanikapo zovala.

M'mawa mwake a Shehata pobwera kudzatsegula golosale anawapeza ataima kale pakhomo, akufuna ndimu limodzi.