Batire Limodzi Mpaka ku Linthipe

Pa siteji ya kabaza ya ku Kawale, ndi ochepa amene ankadziwa kuti dzina lake ndi Misheck Chadza. Onse ankamutchula a Bwanji, chifukwa munthuyu sankatha kuona chinthu n'kungochisiya. Ali mwana kwawo, kuseri kwa Linthipe, anamasula wailesi ya bambo ake kuti aone potulukira mawu, ndipo zomwe zinatsatira matako ake akuzikumbukabe. Atabwera m'tauni anakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Mchesi akukonza masimbi ositira ndi maketulo. Ndiye pamene njinga zamoto zoyendera magetsi zinayamba kuoneka mu Lilongwe, anzake akuziseka kuti ndi zidole za ana, iye anali woyamba pa sitejipo kutenga imodzi.

Amene anamupatsa njingayo anati batire lodzaza limayenda makilomita 80. Misheck anavomera ndi mutu, koma mumtima anafunsa kuti: itanyamula ndani, pa msewu uti? Sipanathe sabata asanaone kuti funsolo linali ndi mutu. Tsiku lina ankazungulira Biwi, Mchesi ndi Chilinde mpaka dzuwa kupendeka, batire likadalipo. Mawa lake anangothamangitsa bwana wina wochedwa kuntchito ku Area 25 n'kubwerera, kagalasi kapachiwongolero koonetsa batire lotsala kanali katayamba kale kumuopseza.

Wina akanangotukwana n'kupita kukasinthitsa batire. Iye ayi. Anayamba kuiyesa njingayo ngati mmene mayi amalawira ndiwo. Anapeza kuti mumpanipani wa m'tauni, momwe njinga za petulo zimamwa mafuta zitangoima, yakeyi sidya kanthu. Chomwe chimaimaliza ndi msewu wabwino, wopanda chotchinga, umene umamunyenga munthu kuti apotokole dzanja. Ukathamanga, mphepo imakukankha pachifuwa, ndipo kukankhana nayoko amalipira ndi batire. Anapeza kuti tayala lochepa mpweya limaba, matope a ku Chinsapo amaba, mwera wa mu Julaye ukakhala kumaso umaba, ndipo mayi wonyamula thumba la makala ndiye amalanda poyera. Potsetsereka, akasiya dzanja, njingayo inkabwezako pang'ono m'batire, ndipo izi zinamusangalatsa mwezi wathunthu. Anzake ankathawa akamuona akubwera ndi nkhani zimenezi, pakuti a Bwanji akayamba kufotokoza, pasenjala amapita ndi wina.

Mu Okutobala wa chaka chomwe mafuta anasowa, uthenga unabwera kuti amayi ake amwalira kumudzi. Kunali kutentha koopsa, ndipo akuluakulu anati maliro sangadikire, aikidwa mawa lake, bokosi atseka 2 koloko masana. Misheck anali atawaona amayiwo miyezi iwiri m'mbuyomo. Koma mlongo wake wamkulu, a Jemima a ku Area 23, anali asanapiteko zaka ziwiri, chifukwa matenda a shuga anawatupitsa miyendo moti kuyenda kwawo kunali kwa pakhomo pokha. Chomwe a Jemima ankafuna chinali chimodzi, kukaona nkhope ya amayi awo bokosi lisanatsekedwe.

Tsiku la malirolo, kuyambira m'mawa awiriwo anadikira pa depoti. Maminibasi onse anali pamizere ya mafuta, ndipo iwiri yomwe inabwera anthu anailowera ndi pawindo pomwe. Itakwana 11 koloko, Misheck anakasinthitsa batire, n'kupopa matayala mpaka kulimba, n'kubwera kudzaima pamaso pa achemwali ake, amene anakhala ndi amayi ogulitsa nthochi atafungatira ndowa ya ufa.

“Tiyeni tikwere iyi, achemwali. Koma ndowa ya ufayo isiyeni kwa anzanu ogulitsa nthochiwa.”

“Ndikafike pamaliro a amayi anga chimanjamanja?”

“Kumudzi ndi makilomita 70, ndipo njira yake ndi yokwera. Ndowayo ikakwera, ife tikatsikira panjira.”

A Jemima anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaisiya ndowayo.

Atadutsa Nanjiri msewu unatseguka, ndipo apa mpamene panayambira mkangano. Misheck anagwira liwiro la makilomita 35 pa ola, osapitirira. Munthu wopita kumaliro a mayi ake sayenda choncho, thupi lonse limakana. Ngakhale iye mwini dzanja linkamuyabwa. Pa Nathenje anawapitirira lole ya njerwa yofuka utsi, ndipo potsetsereka pena anawapitirira bambo wa njinga yakapalasa atamanga nkhuku kumbuyo, n'kuwacheukiranso.

“Iwe Misheck, ukuyenda ngati tikuperekeza mkwatibwi. Chathyoka n'chiyani?”

“Palibe chathyoka. Ndikathamanga tikafika msanga pa Chimbiya, n'kukathera pomwepo. Tikayenda chonchi tikafika kumudzi.”

“Nzeru zakozi zinayamba kalekale kutivutitsa,” anatero a Jemima, n'kuyamba kulira mwakachetechete kumsana kwake.

Zinamupweteka kwambiri. Anaopanso, pakuti zonse zimene ankadziwa anaziphunzira m'misewu ya m'tauni, ndipo ulendo wautali chotere anali asanauyesepo. Komabe, ngakhale pachisoni, mutu wake sunasiye kufunsa. Atawoloka Diamphwe anaona kuti maperesenti akutsika msanga kuposa mmene amayembekezera, chonsecho msewu ukuoneka wosalala. Anayang'ana masamba a bulugamu m'mbali mwa msewu, n'kuona kuti onse akuweramira kwa iye. Mphepo inali kumaso. Anawerama mpaka chibwano kutsala pang'ono kugunda chiwongolero, n'kuwauza achemwali kuti apinde chitenje chomwe chimauluka m'mbali, amukumbatire zolimba. Manambala aja anayamba kutsika mwaulemu.

Pa Chimbiya foni ya a Jemima inalira. Anali amalume awo, a Leston, kunena kuti abusa afika ndipo adzukulu amaliza kukumba. Nthawi inali itapitirira 1 koloko, batire litatsala maperesenti 24. A Jemima anangomufinya nthiti. Kufinyako kunali kovuta kukana kuposa mawu, koma Misheck sanasunthe dzanja. Chitunda chilichonse ankachikwera pang'onopang'ono, potsika n'kuisiya njinga idziyendera yokha.

Anapatuka pa tala atatsala ndi maperesenti asanu ndi limodzi, ndi makilomita anayi a njira yafumbi. M'njiramo munalibe munthu, mudzi wonse unali kumaliro. Chomwe Misheck anali ataiwala ndi mchenga wa padambo, umene chilimwe chimausiya wofewa ngati ufa. Tayala lakumbuyo linangolowamo, peresenti imodzi n'kupita pamtunda woti munthu angaponye mwala. Anaima. Anaganiza za matope a ku Chinsapo, n'kuona kuti anthu awiri sadutsa apa.

Anatsika, n'kuwauza achemwali kuti asunthire kutsogolo agwire mpando. Iye anagwira chiwongolero ali pansi, n'kupotokola dzanja pang'ono chabe, n'kuyamba kuthamanga m'mbali mwa njingayo, nsapato zake zakutchalitchi zikudzaza mchenga. Njinga inapepukidwa ndipo inayenda. Anadutsa dambo, anakwera kamtunda ka pachigayo chakale, thukuta likumulowa m'maso, mpaka anayamba kumva nyimbo ya amayi a Mvano. Anaizindikira. Inali imene amaimba anthu akamaona nkhope.

Kagalasi kanazima pa mtengo wa mango wa kumalire a mudzi, denga la nyumba ya siwa likuonekera kuseri kwa nkhokwe. A Jemima anatsika, anaponda kawiri, miyendo n'kukana. Anagwira mtengowo akuyang'ana komwe kumachokera nyimboyo.

Misheck anaigoneka njinga pansi, n'kugwada patsogolo pawo atawafulatira.

“Kwerani, achemwali.”

“Anthu aona, Misheck.”

“Aone.”

Analowa nawo pabwalo atawabereka kumsana, anthu akupatuka okha. A Leston anali ataimirira pamutu pa bokosi, chivundikiro chili m'manja. Atawaona anachitsamiritsa kukhoma, n'kuwakodola amayi oimba aja kuti aiyambirenso nyimboyo.