Uthenga Umene Unabweza Achemwali Anga

Ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Mavwere, ndipo ndikuvomera kuti ndine amene ndinachotsa achemwali anga pasukulu.

Iwo anapita ku South Africa kukachita maphunziro a PhD. Chaka chomwecho mwana wa aphunzitsi ena kuno anapita ku Norway kukachita maphunziro omwewo. Pasanathe zaka ziwiri anawakhomera malata makolo ake, kwathu denga likudonthabe. Anthu anayamba kulankhula. Amalume, amene amagula mtedza pa Kamwendo, ankati, "Sukulu ndi imodzi, nanga wanuyu ndalama akudya ndi ndani?"

Pakhomo pathu wolemba mauthenga pafoni ndine. Tsiku lina bambo anandituma kuti ndiwafunse achemwali ngati angathandizeko pa feteleza. Ananena zokhazo basi. Ine ndinawonjezera zanga, kuti bambo akuti mwawachititsa manyazi, ngati mukubisa malipiro ingobwererani. Ndinkayesa ndikuthandiza banja.

Patatha mwezi achemwali anafika ndi chikwama chimodzi, ataonda. Sanandikalipire. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti ku Norway wochita PhD amalembedwa ngati wantchito, amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Kumene anali iwo, thandizo limene anapeza linkangolipira fizi. Ya lendi ndi chakudya ankaipeza poluka anthu tsitsi Loweruka ndi Lamlungu. Atawerenga kuti bambo akuchita nawo manyazi, mphamvu zinawathera, kutangotsala chaka chimodzi kuti amalize.

Inu owerenga, ndinalira, koma sindinalekere pa kulira. Ndinaulula zonse kwa bambo, amalume ali pomwepo. Amalumewo anaseka nati, "Zakhala bwino, akwatiwe basi. Udokotala wosabaya jakisoni ngwachiyani?" Ndinawayankha kuti achemwali sasiya sukulu chifukwa cha bodza langa. Anati ndine wamwano. Mwina ndinedi, ndipo sindinapepese.

Atsikana anzanga, musamayeze m'bale wanu ndi mwana wa eni. Dzina la digiri ndi limodzi, koma dziko lina limamulipira wophunzira, lina limamusiya adzionere yekha. Funsani kaye mmene akukhalira musanamuweruze, ndipo makolo akakutumani musamawaike mawu m'kamwa.

Achemwali kuyunivesite anawalola kupuma mpaka chaka chamawa. Mtedza wa m'munda umene ndinalima ndekha ndakana kuwagulitsa amalume. Ndikagulitsa kwina, ndalamayo ikhale thiransipoti yawo yobwerera kusukulu. Achemwali sanavomerebe zobwerera, akuti atopa. Ndawauza kuti apume mmene angafunire, koma basi ndikawakweza ndine.