Tsiku Limene Apongozi Anaponda Kilatchi

Kwathu ku Mlonyeni mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Mukakumana panjira wina amapatukira m'tchire, ndipo mawu onse amadzera mwa mkazi wako. Ine mwambowu ndinkausunga monyadira, monga ndinkanyadira kagalimoto kanga kokalamba kogula ku Chipata, kamene ndinkauza aliyense kuti ndimakadziwa mpaka m'matumbo.

Mkulu wawo wa apongozi atamwalira kumudzi wa kuseri kwa Guilleme, iwo anali ku Zambia kwa mwana wawo wina. Mkazi wanga anali kale kusiwa, ndiye anandituma kukawatenga pa boda. Anandiuza chinthu chimodzi chokha: amayi afike bokosi lisanatsekedwe, aone nkhope ya mkulu wawo.

Anakhala kumbuyo, maso pawindo, ine maso pamsewu. Titasiya tala n'kulowa msewu wa dothi, ndinaponda kilatchi kuti ndisinthe giya. Chopondera chinangomira mpaka pansi ngati ndaponda papaya wakupsa, osabwereranso. Giya inakana kulowa, galimoto n'kuima pakati pa minda ya chimanga.

Nditatsekula boneti ndinapeza kabotolo ka mafuta a kilatchi kauma. Pansi, pafupi ndi giyabokosi, nati ya paipi inali itamasuka, mafuta akudontha. Ndinaimanga, n'kuthiramo mafuta a buleki amene ndinkasunga m'buti, ndikudzitcha katswiri mumtima. Kupondanso, chimodzimodzi. M'paipi munali mutalowa mpweya, ndipo kuutulutsa ndi ntchito ya anthu awiri: wina amapopa chopondera n'kuchigwira pansi, wina ali pansi pa galimoto kumasula kanati kuti mpweya utuluke, n'kumanganso mnzake asanachotse phazi.

Msewu unali zii. Anthu onse anali kumaliro komweko.

Ndinaima pafupi ndi tayala lakutsogolo n'kuliuza mwaulemu, "Galimotoyi ikadapeza munthu woiponda, ikadayenda."

Apongozi anafunsa galasi la windo, "Kodi galimotoyo imapondedwa pati?"

Ndinaloza ndi sipanala nditayang'ana kumbali. Anavula silipasi, n'kukhala pampando wa dalaivala, ine n'kukwawira m'matope pansi pa galimoto. Vuto linali pakamwa panga. Ndinkati ndikamayamba kuti, "Zikadakhala zotheka kuti phazi lija likhale kaye pansi pang'ono," phazi lachoka kale, kanati kali kotsekula, mpweya wabwereramo. Tinabwereza, ine ndikukometsabe Chichewa ngati nkhoswe, mafuta akuchepa m'botolo. Chapatali mphepo inkabweretsa nyimbo ya kwaya. Mantha anandigwira, chifukwa ndinadziwa kuti mwambo wa maliro wayamba.

Galimoto inagwedezeka pang'ono. Nditacheuka ndinaona nkhope ya apongozi, ataweramira pakhomo, akundiyang'ana m'maso koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Bambo," anatero, "akulu anga akawakhomera misomali inu mukupereka ulemu kwa matayala. Lankhulani ngati muli pa ngolo."

"Popani!" Anapopa. "Gwirani pompo!" Anagwira. Ndinamasula kanati, thovu n'kulavuka, ndinamanganso. "Siyani!" Mawu anga ankamveka mpaka m'chimangamo, ndipo ndikuvomera kuti pofika pakati ndinayamba kuimva kukoma ntchitoyo. Phazi lozolowera khasu ndi mtunda silinaphonye ngakhale kamodzi. Nditadzuka kukawonjezera mafuta otsala n'kubwereranso pansi, thovu linatha, mafuta n'kuyamba kutuluka okhaokha.

"Chalimba," anatero apongozi. "Chikukankha phazi."

Tinafika adzukulu atanyamula kale chivundikiro cha bokosi, wina hamala ili m'manja. Apongozi anatsika galimoto isanaime bwino, silipasi kuziiwala momwemo, akufuula dzina la mkulu wawo. Anthu anawapatukira. Ine ndinatsala pagalimoto, msana uli matope okhaokha, ndikulira maliro a munthu amene ndinkangomudziwira patali.

Maliro atatha mwambo unabwerera m'malo mwake. Tsiku lina tinakumana panjira ya kudimba, ine n'kudumphira m'tchire monga mwa nthawi zonse. Iwo sanapitirire. Anaima pomwepo, atandifulatira.

"Bambo, nkhope ija ndinaiona," anatero. "Zikomo."

Ine, katswiri uja wokuwa pansi pa galimoto, ndinangonjuta m'tchire momwemo n'kuwomba m'manja mpaka anakhota.