Mphini Zanga Zabodza

Nkhondo itatseka msewu wa ku Tete, mankhwala anatheratu pa posito, kachipatala ka kwathu. Infirimeru, namwino wa pamenepo, kabambo konyada kovala nsapato zonyezimira m'fumbi, kanayamba kubaya odwala mutu ndi singano yopanda mankhwala, m'khosi ndi m'mapewa. Woyamba kukanyoza kuchitsime ndinali ine.

"Singano youma? Akutiyesa matumba ofuna kusoka ameneyo!" Azimayi anafa nalo phwete.

Koma litsipa linali litandigoneka, moti ndowa sindinkasenza, khasu likungochita dzimbiri. Ndinazemba, n'kulowera kuseri kwa posito nditadzifunditsa chitenje ngati wakuba. Iye anangofufuza ndi chala pamene mnofu unalimba, n'kubaya. Ndinakuwa ngati mbuzi. Kutacha, mutu unali utapepuka.

Nanga kuchitsime ndikanati chiyani? Ndinatenga lezala, n'kudzitema mphini m'mbali mwa maso, n'kupakamo mwaye.

Mlamu wanga Naphiri, yemwenso mutu unkamuzunza, anandiyang'anitsitsa.

"Mwachira bwanji, alamu?"

"Mphini za makolo izi. Za kabambo kaja n'zachibwana."

Anauyamba wapansi mpaka ku Chipera kwa wotema mphini, mwana ali kumsana. Anabwerako nkhope yonse ili mabala, mutu ukuwawabe. Ndinazengereza kumuuza zoona mpaka infirimeru anathawira ku Zambia.

Mpaka lero Naphiri akabwera kudzacheza amasirira zipsera zanga, amati dzanja limene linanditema linali lodala. Ndimangogwedeza mutu. Dzanjalo ndi langa lomweli, lopusali.