Kaseti ya Achimwene

Dzulo mwana wanga anaika nyimbo pafoni, magitala akubangula ngati chigayo. "Adadi, chimbale ichi chinagwedeza dziko lonse," anatero.

Ndinaizindikira nyimboyo pomwepo. Matipate atangoyamba, achimwene anga ananyamuka ku Benga kupita ku Joni, n'kundisiyira kaseti yopanda chikuto. Nditaiika m'wailesi, magitala omwewa anabangula, amayi n'kukuwa: "Zimitsa iwe! Yaonongeka imeneyo, itiphera wailesi!"

Ndinawakhulupirira. Masana ndinkakhala ndekha kuseri kwa nyumba, kuizunguza ndi bolopeni, kuipukuta ndi malaya, kuti achimwene akadzabwera adzaipeze ikuimba bwino. Amayi akapita kumunda ndinkaiyesanso. Inkangolira chimodzimodzi.

Achimwene sanabwerenso. Kasetiyo inalibe vuto lililonse: kulira kuja ndiko kunali kuimba kwake.