Dzanja la Amayi Pansi pa Inki

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene maso anga anabwerekedwa ndi munthu wojambula. Ndikuti kubwerekedwa mongolemekeza, chifukwa mwini masone palibe anandifunsa. Atate anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo abale awo anagwirizana zoti pomanga chiliza pakhalenso chithunzi chachikulu cha malemuwo, choti anthu akachione tsiku lovundukula. Wotsogolera zonsezi anali azakhali anga a Esinati, mlongo wawo wa atate. Ankakhala ku Lusaka, ndipo akafika kwathu ku Navutika ankakhala pampando atakumbatira chikwama chawo ngati m'nyumbamo muli akuba.

Abale a atate sanawakondepo amayi. Iwo anali Angoni onyadira dzina lawo la Zulu, pomwe amayi anali Mchewa wa ku Chipangali, wosapita patali ndi sukulu, wogulitsa zitumbuwa ndi mtedza wokazinga pamsewu. Atate atayamba kudwala ndi kuwonda, manong'onong'o anali akuti mkaziyo ndiye akuwamaliza. Maliro atatha abalewo anatenga bedi, wailesi ndi njinga. Chithunzi chokha ndicho anachisiya, chifukwa sankadziwa kuti chilipo.

Chinali chimodzi m'nyumba monse. Anachijambulitsa m'tauni ine ndisanabadwe. Atate anali atakhala pampando atavala jekete yobwereka, amayi ataima kumbuyo kwawo, duku kumutu, dzanja lili paphewa la amuna awo, pamkono pali chibangili chamkuwa. Moyo wawo wonse amayi sanajambulidwenso kwina, kupatula kachithunzi ka pachiphaso kamene kanali katafufutika kalekale. Ankachisunga m'sutikesi pakati pa zitenje za kutchalitchi, ndipo ankandionetsa makamaka ndikadwala, ngati kuti chinali mankhwala.

Azakhali atadandaula kuti alibe chithunzi chabwino cha mlongo wawo, amayi ndi mtima wawo wofewa uja anadzuka okha n'kukatsegula sutikesi. Mpaka lero ndimawakwiyira pang'ono chifukwa cha kudzuka kumeneko.

"Mlamu, tibwerekeni chabe, tizabweza," anatero azakhali.

Wojambulayo anali a Mbewe, bambo wamtali wosalankhula zambiri, amene anali ndi kachipinda kuseri kwa malo ometera tsitsi pafupi ndi msika. Chakudya ankachipeza polemba zikwangwani za masitolo, koma mtima wawo unali pa timatabwa takuda timene ankakonza okha. Ankasinja choko, n'kusakaniza ndi guluu, n'kupaka pathabwa lopyapyala. Likauma ankalisalaza, kenako n'kulikuta lonse ndi inki yakuda bii. Pojambula sankagwira burashi kapena pensulo. Ankakanda inkiyo ndi lezala, singano ndi sipoko yanjinga yonola, ndipo paliponse pamene akanda pankatuluka mzere woyera.

Atachiyang'ana chithunzi chathu pawindo, anapukusa mutu nati maso a malemuwo sakuoneka bwino.

"Tengani a mwana uyu," anatero azakhali, akundikankhira kutsogolo. "Ni atate ake eni-eni. Kuli amake sanatengeko olo chimodzi."

Anasiya mawu akuti a Mbewe ajambule mlongo wawo, n'kukwera basi kubwerera ku Lusaka. Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukachipinda kaja ndi yunifolomu yanga, n'kukhala pachigubu chopanda kanthu moyang'ana kuwindo. Munkanunkha guluu ndi inki, ndipo kuseri kwa khoma kunkalira makina ometera. A Mbewe ankandiyang'ana nthawi yaitali mpaka ndinkachita manyazi, kenako n'kuwerama. Sipoko ija inkangoti kwee, kwee, fumbi loyera likugwera pathalauza lawo.

"Anzanga amayamba ndi pepala loyera n'kumaikapo mdima," anandiuza tsiku lina. "Ine ndimayamba ndi mdima n'kumufukula munthu. Koma apa sipafunika phuma, mwana wanga. Chimene wakanda, wakanda."

Ndinawaona atate akutuluka mumdimamo pang'onopang'ono. Chinayamba chipumi, kenako ndevu zapamlomo, kenako kolala ya jekete. Tsiku limene anamaliza maso ananditembenuzira thabwalo, ndipo atate anandiyang'ana monga ankachitira ndikabwera mochedwa kosewera. Ndinalira mpaka ometa tsitsi anasuzumira kuti aone amene akumenya mwana.

Atamaliza phewa, a Mbewe anapitiriza monga chithunzi chinalili. Anakanda zala za amayi chimodzichimodzi, ndi zikhadabo zomwe, n'kubwera pachibangili, n'kukwera ndi mkono mpaka pachigongono. Pamenepo anaima.

"Nkhope ya amako sinditengera papepala," anatero. "Iwo ali moyo. Ukawauze abwere Loweruka, adzakhale pachigubu pomwepo."

Ndinathamanga osaima mpaka ku Navutika. Amayi atamva anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve chichokere maliro. Anati, "Ine ndi nkhope yopsa ndi mafuta a zitumbuwayi?" Koma madzulo omwewo anachapa duku lawo labwino, m'mawa mwake n'kulisita ndi simbi yamakala, n'kulipachika pampando kuti lisakwinyike. Mlungu wonsewo ankandifunsa ngati munthu amaloledwa kumwetulira pojambulidwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu masana, ine ndili pachigubu changa, azakhali anatulukira pakhomo atangotsika basi. Anayamba ndi kuyamikira. Anati ndi iyeyo ndithu, mlongo wawo wadzuka. Kenako maso awo anatsikira paphewa, ndipo nkhope inasintha.

"Nanga ichi ni chani?"

"Ndi dzanja la akazi awo, mayi," anayankha a Mbewe. "Ndi mmene chithunzi chilili."

"Ninakuuzani kuti mujambule mlongo wanga. Uyu winangu anafa? Mufuna pa manda pa mlongo wanga paoneke dzanja yamene inamupha?"

Ananena zimenezi ine ndili pomwepo, mwana wa mwini dzanjalo. A Mbewe anayesa kufotokoza kuti pathabwa lotere chokanda sichibwerera. Azakhali anaona botolo la inki pawindo n'kuliloza ndi chala.

"Si iyo inki? Pakani."

Ndinadumpha pachigubu n'kugwira mkono wa a Mbewe. Ndinakuwa kuti amenewo ndi amayi anga, akubwera mawa, duku asita kale. Azakhali anandikoka khutu mpaka ndinamva kutentha m'mutu monse.

"Iwe ndiwe wa kwa Zulu," anatero. "Malobolo tinapereka. Khala chete."

Ndinkayembekeza kuti a Mbewe akana. Munthu amene anatha masiku akusema zikhadabo za amayi ndi nsonga ya singano, ndinkati sangachite. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ana pansi, n'kutenga kaburashi kamene ankalembera zikwangwani. Anayambira pachigongono n'kumatsika. Chibangili chinalowa mumdima, kenako zala, chimodzichimodzi monga zinabwerera. Ntchito ya masiku ambiri inatha inki ya paburashi isanaume. Azakhali anatola chithunzi chathu patebulo n'kuchiponya m'chikwama, ati chisasokonezenso anthu.

Nditafika kunyumba ndinapeza duku lili pampando paja. Ndinafotokoza zonse ndikusisima, osabisa ngakhale mawu aja onena za dzanja lopha. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatenga dukulo, n'kulipinda bwinobwino, n'kulibwezera m'sutikesi. Anangoti, "Pita ukagule makala, kunja kukuda." Loweruka anadzuka m'mamawa n'kupita ndi beseni lawo pamsewu monga mwa masiku onse.

Thabwa lija azakhali analijambulitsa ndi kamera, ndipo ku Lusaka anasindikiza zithunzi zikuluzikulu pansalu yokhuthala yokokedwa pamafelemu. Zinabwera pabasi zitakulungidwa m'makatoni. Azakhali anatenga chawo, atate aang'ono chawo, agogo kumudzi chawo, ngakhale msuweni wina amene sanabwere n'kumaliro komwe analandira. Ife tokha, mkazi wa malemu ndi mwana wake, sitinawerengedwe.

Tsiku lovundukula chiliza, kumudzi kwa atate, anaimika chithunzi chimodzi pampando pafupi ndi manda. Anthu ankadutsa pamzere akugwira pakamwa, ati maso akewo ngati alankhula. Amayi anatha m'mawa wonse kuseri akutsuka mbale za alendo, ndipo anafika kumapeto kwa mzere manja akadali onyowa. Anaima nthawi yaitali. Paphewa la atate panali pakuda posalala, ngati sipanakhalepo kanthu chiyambire. Anandigwira pamutu n'kunena motsitsa kuti, "Maso ako aja." 

Thabwa lenilenilo azakhali sanalifune. Ati linali laling'ono ndipo linkadetsa m'manja. Patapita milungu ingapo, ndikudutsa kumsika, a Mbewe anandiitana n'kundipatsa chinthu chokulungidwa m'pepala la simenti.

"Tenga," anatero. "Paphewapo usamayang'ane ndi maso. Uzipapasa."

Kenako anawonjezera kuti, "Ndikanakana ine, akanapita kwa wina."

Sindinawathokoze. Kunyumba amayi anapukuta manja pachitenje, n'kuyendetsa chala pamalo akudawo. Inki inali itabisa kuyera kokha, koma timizere tonse tinali momwemo. Anapeza zala zawo, anapeza chibangili, anakwera mpaka pachigongono, chala n'kufika posalala pamene panayenera kukhala nkhope. Analikulunganso n'kuliika m'sutikesi, pamalo pomwe pankakhala chithunzi chija.

Chithunzicho amayi anachipempha kangapo kwa azakhali. Poyamba ankauzidwa kuti chibwera ndi munthu, kenako ati chili m'katundu wina, pomaliza ati chinasowa posamuka nyumba. Amayi anamwalira ndili giredi naini, mafoni ojambula asanafike m'manja mwa anthu ngati ife. Pamaliro awo panalibe chithunzi choimika pampando.

Nditakula ndinawafunafuna a Mbewe, ndipo ndinawapeza atakalamba, maso atachita ng'ala. Ndinawapempha kuti achotse inki ija. Anati choko cha pamenepo n'chopyapyala, kukandanso chingoyoyoka, dzanja lomwelo n'kutayika. Ndinawafunsa ngati angakumbukire nkhope imene anaiona pachithunzi, kuti mwina auze wojambula wina. Anati, "Ndaiwala, mwana wanga." Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinaleka, chifukwa nanenso ndinali nditayamba kuiwala. Mawu a amayi ndimawamva bwinobwino, fungo la utsi m'zovala zawo ndimalikumbuka, koma ndikatseka maso kuti ndione nkhope, imabwera mbali imodzi, ina n'kuthawa.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti munthu amafafanizidwa ndi adani ake. Lero ndikudziwa kuti mdani yekha sangathe. Azakhali analoza botolo, koma amene anagwira burashi ndi munthu wabwino, wofatsa, amene ankandigawira chinangwa chake chootcha, ndipo anachita zimenezo mtima ukumupweteka. Anthu onse amene anadutsa pamzere paja ankadziwa kuti malemuyo anali ndi mkazi, koma palibe anafunsa. Ndakumana nawo ambiri otere m'moyo, onena kuti ndikakana ine achita wina, ndipo ndimawaopa kuposa olusa.

Kutchalitchi amatiuza za kukhululuka, ndipo achibale amati madzi akatayika saoleka, ndiiwale. Azakhali akadali moyo. Chithunzi chansalu chija chili pabalaza pawo, ndipo ndimamva kuti mlendo aliyense amamuonetsa maso a mlongo wawo, osatchula kuti ndi a yani. Sindinawakhululukire, ndipo sindinama kuti ndikuyesa.

Thabwa lija lili kwanga. Mwana wanga wamkazi atafika msinkhu wofunsa mafunso, anabwera kuchokera kusukulu tsiku lina nati anzake onse ali ndi zithunzi za agogo awo m'mafoni, nanga amayi anga ankaoneka bwanji. Ndinatsegula sutikesi, n'kumukhazika pamiyendo, n'kumugwira chala. Ndinachiyendetsa paphewa la atate, pamdima paja, mpaka anamva timizere.

"Pali dzanja!" anatero. "Nanga nkhope ili kuti?"

Ndinamuuza kuti nkhope inayenera kubwera Loweruka.